Kabokosi ka Magetsi Sikaciritsa Njinga Yodwala Fumbi

Miyezi ya malonda a mbeu ikafika, ndipo alimi a m'dera la Mfumu Bundabunda, kum'mawa kwa Chongwe, alandirako ndalama za cimanga, nshawa ndi soya, cinthu coyamba cimene acinyamata ambiri amaganizira masiku ano ndico njinga yamoto, pamene makolo ao anali kuganizira ng'ombe kapena malata. Ganizo limeneli si loipa ai. Njinga yamoto ndiyo imene imatulutsa mabokosi a matimati ku madimba ndi kuwafikitsa pa mseu waukulu wa Great East, pamene malole opita ku msika wa Soweto mu Lusaka amawatengera. Ndiyo imene imanyamula mai wodwala pakati pa usiku kumka naye ku cipatala ca Chongwe kapena ca St Luke's ku Mpanshya. Alangizi a malimidwe, aphunzitsi ndi anchito a zaumoyo nawonso amafika ku midzi ya kutali ndi mseu cifukwa ca iyo. Motero njinga ikadwala, pakhomo ponse pamakhala padwala.

Pali nthenda imodzi ya njinga zamoto imene imasautsa eni ace kopambana, cifukwa siimitsa ulendo koma siipatsanso mtendere. Munthu ali pa mseu wosalala, dzanja lace lagwira cogwirira ca mafuta pamalo amodzi osacipotokola, koma njinga imakoka nkuleka, kukoka nkuleka, monga ng'ombe imene siinazolowere goli. Akapatsa moto wambiri nthendayo imabisala. Akabwerera pa liwiro lapakati, makamaka podutsa m'mudzi kapena potsata galimoto yoyenda pang'ono-pang'ono, yayambanso. Amakanika ena amati njinga ikudukiza, ena amati ikucita befu. Pa tara cimeneci cimangotopetsa mikono, koma pa njira ya mcenga kapena ya matope, thumba la feteleza lili kumbuyo, kukoka kwadzidzidzi kotere kungathe kugwetsa munthu.

Tsono kwabwera mankhwala atsopano amene akulengezedwa pa mafoni: kabokosi ka magetsi, kocepa ngati bokosi la macesi kapena kokulirapo pang'ono, kokhala ndi timawaya, kamene ogulitsa amakachula kuti tuner kapena chip. Iwo amanena kuti munthu akangokalumikiza, kudukiza kumatha, mphamvu imaonjezeka, ndipo petulo amaleka kutha msanga. Malonjezo atatu pa mtengo umodzi! Coonadi cace ndi cakuti eni njinga ambiri a ku Bundabunda sayenera kugula kabokosi kameneka konse, ndipo ocepa amene kangawathandize ayenera kukagula potsiriza, atayamba ayesa zonse zochipa.

Kuti nkhaniyi imveke, ndi bwino kuyamba ndi kadyedwe ka injini. Injini ya petulo imadya zinthu ziwiri zosakaniza, mpweya ndi petulo, ndipo muyeso wace umadziwika bwino: kuti petulo apse yense, pamafunika makilogalamu 14.7 a mpweya pa kilogalamu imodzi ya petulo. Mai aliyense wophika nsima amadziwa lamulo lofanana ndi limeneli, kuti ufa ukacepa m'madzi pamatuluka phala, ndipo ukacuruka mthiko umakanika kuyenda. Petulo akacepa mu mpweya, moto wa mu injini umayaka mofooka, nthawi zina mocedwa, injini imatentha kwambiri, ndipo wokwera amamva kukoka nkuleka kuja. Petulo akacuruka, pulagi imada ndi mwaye, utsi umanunkha mafuta, ndipo ndalama zimatulukira ku ekizozi.

Njira zosakanizira ziwirizi zilipo ziwiri. Yakale ndiyo kabureta, imene imayamwa petulo kupyolera m'timabowo tating'ono pamene mpweya ukudutsa, popanda magetsi alionse. Yatsopano ndiyo ya jekiseni, imene ili ndi pampu, kompyuta yaing'ono ndi kacipangizo kopopera petulo kamene amakanika amati injekita. Njinga zambiri zimene zakhala zikuyenda m'midzi ya Zambia, monga Bajaj Boxer, TVS HLX, Yamaha AG200 ndi Honda XL125, zinafika zili ndi kabureta. Njinga ya kabureta ilibe kompyuta yolamulira petulo, kotero kuti kabokosi kopangidwira jekiseni kalibe wolankhula naye. Kuli monga kutumiza kalata ku nyumba imene mulibe munthu. Kudziwa mtundu wa njinga sikufuna sukulu. Ngati pansi pa thanki pali kampopi kotsekera ndi kutsegulira petulo, ndipo pali coko yokoka m'mawa kukazizira, imeneyo kawiri-kawiri ndi ya kabureta. Ngati munthu akatsegula kiyi amva kulira kwa pampu kwa kamphindi, ndipo pa mita payaka kanyali ka cithunzi ca injini, imeneyo ndi ya jekiseni. Pali kabokosi kena ka pa njinga za kabureta kochedwa CDI, kamene ena amagulitsa ponena kuti ndi ka mpikisano. Nchito yace ndi ya moto wa pulagi cabe, ndipo sikaonjezera ngakhale dontho limodzi la petulo.

Palinso cina cimene anthu a kuno ayenera kukumbukira. Lusaka ali pamtunda wa mamita pafupi-fupi 1,280 kucokera pa nyanja ya mcere, ndipo dziko la Chongwe lili pa citunda comweco. Kumtunda kotere mpweya ndi wopepuka kuposa wa ku Dar es Salaam kapena Durban. Kabureta imene inaikidwa muyeso wa kugombe, ikafika kuno imakhala kale ikupereka petulo wocurukirapo pang'ono. Njinga ya kabureta ikamadukiza cifukwa ca kucepa kwa petulo m'dziko lokwera cotere, ndiye kuti penapace patsekeka kapena pang'ambika, ndipo pofunika ndi kupeza malowo.

Komabe sikungakhale kwanzeru kunena kuti nkhani ya jekiseni ndi ya anthu a kunja okha. Kampani ya Kawasaki inatulutsa njinga ya jekiseni mu 1980, ndipo kwa zaka zambiri njirayi inali ya njinga zazikulu zodula. Mu 2007 Honda inaiika pa kanjinga kace kochuka ka Super Cub. Pambuyo pace malamulo oletsa utsi woipa anafika ku maiko amene amapanga njinga zimene Azambia amagula: China inakhwimitsa malamulo ace mu July 2019, ndipo India inayamba muyeso wa BS-VI pa 1 April 2020. Kucokera pamenepo njinga zambiri zogulitsidwa m'maiko awiriwo, ngakhale zazing'ono, zinayamba kutuluka ndi jekiseni. Makampani anapitiriza kupangira misika ya mu Africa njinga za kabureta, koma za jekiseni zikulowa pang'ono-pang'ono, zina zatsopano, zina zogwirapo kale nchito ku Japan kapena ku South Africa. Mnyamata amene akusunga ndalama lero angathe kudzapezeka nayo yotere osadziwa.

Njinga ya jekiseni imayeza yokha cakudya cace. Ili ndi timaso ta magetsi, tochedwa masensa: kena kamaona kutentha kwa mpweya, kena kutentha kwa injini, kena kamaona pamene dzanja lapotokola, ndipo kena kali mu ekizozi kununkhiza utsi kuti kadziwe ngati petulo wacepa kapena wacuruka. Pamene njinga ikuyenda pa liwiro limodzi, kompyuta imamvera ka mu ekizozi kaja, niionjezera petulo pang'ono, niicepetsa pang'ono, mobwereza-bwereza, kuti muyeso ukhale pafupi ndi 14.7, pakuti pamenepo ndi pamene cosefera utsi ca mu ekizozi cimagwira bwino nchito. Pa njinga zambiri wokwera samva kanthu. Pa zina kusintha-sintha kumeneku kumafika mpaka ku thayala. Ili ndilo vuto leni-leni limene mabokosi oona anapangidwira, ndipo si bodza ai. Njinga za BMW za mtundu wa R1100 ndi R1150, zimene zinapangidwa kuyambira mu 1993, zinachuka nalo vutoli, ndipo mu 2003 kampaniyo inayamba kuika mapulagi awiri pa silinda iliyonse, zimene zinathandiza kuti moto uziyaka bwino. Koma ngakhale pa njinga zimenezo, amakanika odziwa anali kuyamba ndi kukonza mipata ya mavalavu ndi kulinganiza mbali ziwiri za injini, ndipo kudukiza kwambiri kunali kucepa asanagule kanthu.

Pamenepa ndi pamene pali kusiyana pakati pa Ulaya ndi Chinyunyu. Mwini njinga wa ku Ulaya amamwetsa petulo woyera pa filing'i sitesheni, amayenda pa tara, ndipo njinga yace ikadukiza ali ndi cifukwa cokaikira muyeso wa ku fakitale. Mwini njinga wa kumudzi kuno ali ndi adani ena apafupi amene ayenera kuwafunsa poyamba.

Woyamba ndi petulo wa m'mabotolo. Malo omwetsera mafuta ali m'mbali mwa mseu waukulu, ndipo munthu wokhala kutali amagula lita imodzi-imodzi kwa ogulitsa m'zigubu. Sikuti onse ogulitsa cotere ndi acinyengo. Koma cigubu cimene casungidwa m'nyumba ya udzu nthawi ya dzinja cimatenga madzi ndi zinyalala, ndipo alipo ena amene amasakaniza ndi parafini kuti malita acuruke. Bungwe loyang'anira za mafuta ndi magetsi la Energy Regulation Board linayamba mu 2018 kuika cizindikiro m'mafuta kuti osakaniza ndi ozembetsa azigwidwa, koma oyeza ace sangafike pa botolo lililonse la pansi pa mtengo. Madzi ndi olemera kuposa petulo ndipo amakhala pansi pa thanki, pamene pampu kapena kampopi kamatungira. Kuyesa kwace ndi kwaulere: kukhuthula petulo pang'ono m'botolo loyera la galasi ndi kulisiya kanthawi. Madzi akakhalamo amaoneka pansi, olekana ndi petulo. Kabureta imapirira zotere kuposa jekiseni, pakuti makanika wa pamsika amaimasula ndi kuitsuka m'ola limodzi. Injekita ili ndi timabowo tocepa kuposa diso la singano, ndipo tikayamba kutsekeka petulo amacepa, njinga niidukiza ndendende monga ija ya ku Ulaya, ngakhale kuti cifukwa cace ndi cina.

Waciwiri ndi cizolowezi coyenda ndi thanki youma. Pa njinga zambiri za jekiseni pampu imakhala m'kati mwa thanki, ndipo petulo yemweyo ndiye amaiziziritsa. Imakankha petulo ndi mphamvu yoposa ya mpweya wa m'thayala, ndipo kompyuta imawerengera kuti mphamvuyo ilipo nthawi zonse. Munthu amene amathira lita imodzi, nayenda kufikira itatha, nathiranso imodzi, amaitenthetsa pampu ndi kuidyetsa zonse za pansi pa thanki. Pampu yofooka kapena sefa yace yotsekeka imapereka petulo wocepa. Kabokosi kangathe kuuza injekita kuti itsegule nthawi yaitali, vuto nilibisala miyezi ingapo, koma pampu imapitiriza kufa, ndipo tsiku limene idzaleke silidzafunsa ngati kumbuyo kuli wodwala.

Wacitatu ndi fumbi la miyezi ya August mpaka October. Sefa ya mpweya ikadzaza, injini imabanika. Ndipo ena, poona kuti njinga yapepuka ataicotsa, amaitaya osabwezapo ina. Kucita cotere ndi kupera injini ndi mcenga. Pakati pa kabureta kapena jekiseni ndi injini pali khosi la mphira, limene limauma ndi dzuwa ndi kung'ambika, nililowetsa mpweya umene sunawerengedwe. Ming'alu yace imaoneka munthu akalipinda pang'ono ndi cala. Ciboo ca pa citsekero ca thanki naconso cikatsekeka, petulo amatsika movutika, ndipo cizindikiro cace ndi cakuti munthu akatsegula thanki amamva mpweya ukulowa.

Nthawi zina injini ilibe mlandu konse. Cheni colendewera, kapena cimene cauma ndi kulimba malo ena, pamodzi ndi mano akutha a sipuloketi, cimagwedeza njinga mofanana kwambiri ndi kudukiza, ndipo njinga zonyamula makala ndi matumba zimatha cheni msanga. Mavalavu othina, pulagi yakale ndi batire lofooka zonse zili m'gulu lomweli. Batire ndi lofunika kopambana pa jekiseni, cifukwa pampu, kompyuta ndi masensa zonse zimadya magetsi. Waya wa pa batire wogwedera kapena wa dzimbiri ungathe kusokoneza njinga yabwino-bwino. Ndiponso njinga ya jekiseni imadziwa kudandaula yokha: kanyali ka injini kakayaka pa ulendo, kompyuta yaona colakwa, ndipo pa njinga zambiri kanyaliko kamaphethira mowerengeka, ciwerengero cace cikusonyeza sensa imene yavuta monga mwalembedwera m'buku la njingayo. Wogula kabokosi kanyali kali ciyakire akucita monga munthu womwa mankhwala a mutu pamene cipatala camuuza kale kuti ali ndi malungo.

Zonsezi zikayesedwa, njinga ili yoyera, yokonzedwa, petulo ali wabwino, kanyali kali kozima, koma kudukiza kukadalipo pa liwiro limodzi lomwelo, ndiye kuti nthawi yofunsa za kabokosi yakwana. Apanso ndi pofunika kudekha, pakuti mabokosi ali mitundu-mitundu ndipo sagwira nchito mofanana.

Mtundu woyamba, umene ndi wochipa ndi wosavuta kuika, umanamiza kompyuta za kutentha kwa mpweya. Wodziwika mwa iwo ndi BoosterPlug, umene opanga ace amati umauza kompyuta kuti kunja kwazizira ndi madigiri 20 kuposa m'mene kulili, ndipo kompyuta imaonjezera petulo ndi magawo 6 pa 100. Umathandiza ponyamuka ndi popatsa moto mwadzidzidzi. Koma pa liwiro limodzi, pamene kudukiza kumacitikira, kompyuta imamvera sensa ya mu ekizozi, imene imaona kuti petulo wacuruka ndi kumubweza pa muyeso wakale. Kunena kwina, kabokosi kotere kamagwira nchito kwambiri pamene panalibe dandaulo.

Mtundu waciwiri umalowa pa waya wa sensa ya mu ekizozi yeni-yeniyo ndi kusintha uthenga wace, kotero kuti kompyuta imasunga muyeso wa pafupi ndi 13.8 m'malo mwa 14.7. Pa kudukiza kocokera ku muyeso wa ku fakitale, umenewu ndiwo umalasa pa bala. Uli ndi mtengo wace wobisika, umene uchulidwe pansipa.

Mtundu wacitatu ndi wa mabokosi aakulu monga Power Commander wa kampani ya Dynojet ya ku America ndi Rapid Bike wa ku Italy. Amenewa amakhala pakati pa kompyuta ndi injekita, ndipo amatalikitsa kapena kufupikitsa nthawi yopopera petulo malinga ndi ndondomeko imene yalembedwa m'kati mwao. Ndi zipangizo zoona, zopangidwa bwino. Koma bokosi lililonse limapangidwira mtundu umodzi wa njinga ndi zaka zace, ndipo ndondomeko yace imafunika kugwirizana ndi ekizozi ndi sefa zimene zili pa njingayo. Kuti likhale bwino-bwino, njinga imakwezedwa pa makina oyezera mphamvu, katswiri naikonza akuyang'ana utsi pa kompyuta. Makina otere sapezeka pansi pa mtengo wa mango pamene makanika wa kumudzi amagwirira nchito. Bokosi labwino lokhala ndi ndondomeko yolakwika limaononga kuposa kusakhala nalo: petulo wocuruka amatsuka oilo pa makoma a silinda, amatsikira mu oilo ndi kumusungunula, amadetsa pulagi ndi kutentha cosefera utsi. Ndiponso mabokosi ambiri otere anapangidwira njinga zazikulu, ndipo mtengo wa limodzi, pamodzi ndi msonkho ndi kutumiza, ungathe kulipira makanika, mapulagi, masefa ndi cheni kwa nthawi yaitali. Njira ina yofanana nayo ndiyo kulemba ndondomeko yatsopano mu kompyuta ya njinga yeni-yeniyo. Imeneyi ikalakwika, njinga ingathe kulekeratu kulira.

Tsono pali gulu lacinai, limene ndilo loopsa kwa mlimi cifukwa mtengo wace ndi wofikirika: timabokosi topanda dzina la wopanga, tonena kuti timakwana pa njinga iliyonse ndi galimoto iliyonse, timaginito toika pa paipi ya petulo, ndi tina tongoyaka nyali zobiriwira. Akuluakulu anati cikome-kome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Koma m'kati mwa tina mwa timeneti mulibe ngakhale nyerere. Bungwe la boma la America loona za cilengedwe, la EPA, linayesa zipangizo zoposa 100 zonenedwa kuti zimasunga petulo, ndipo silinapeze cimene cinasunga petulo wooneka. Nzeru za pakhomo zingathenso kuulula bodzali. Kudukiza kocokera ku kucepa kwa petulo kumatha poonjezera petulo. Nanga kabokosi kamodzi kangaonjezere bwanji petulo ndi kumucepetsa pa nthawi imodzi? Wolonjeza zonse ziwiri sadziwa cimene akugulitsa, kapena akudziwa bwino lomwe.

Mtengo wobisika uja ndi uwu. Kucoka pa 14.7 kufika pa 13.8 ndiko kuonjezera petulo pafupi-fupi malita 6 pa malita 100 alionse. Mwacitsanzo, njinga yoyenda makilomita 40 pa lita, imene imagwira nchito ya kunyamula anthu makilomita 100 pa tsiku, imamwa malita awiri ndi theka. Pa masiku 300 a nchito amenewo ndi malita 750. Kuonjezerapo magawo 6 pa 100 ndi malita 45, ndiko kuti zigubu ziwiri za malita 20 ndi ina yapadera, caka ndi caka. Munthu wa ku Ulaya wokwera njinga pa Sabata pofuna kusangalala sawerengera zimenezi. Mnyamata wa ku Bundabunda amene phindu lace la tsiku limatsala atacotsa petulo ayenera kuziwerengera, makamaka popeza kuti mu December 2021 Boma linaleka kuthandizira mtengo wa mafuta, ndipo kucokera pamenepo mtengo wa pa pampu unayamba kutsata msika wa kunja ndi mphamvu ya kwacha.

Pali zinanso ziwiri zimene wogulitsa sanena. Njinga yatsopano imene ili ndi citsimikizo ca sitolo, ikaikidwa kabokosi kapena mawaya ace akadulidwa, sitolo ingathe kukana kuikonza mwaulere. Ndipo amene anaitenga pa ngongole amakhala akulipirabe njinga imene yaima. Caciwiri, m'maiko amene mabokosi amenewa amapangidwa, ambiri a iwo saloledwa pa mseu wa onse cifukwa amaonjezera utsi woipa. Mu 2016 kampani ya Harley-Davidson inavomera kulipira boma la America madola 12 miliyoni pa mlandu wa kugulitsa zipangizo zotere pafupi-fupi 340,000. Ena anganene kuti utsi wa njinga imodzi m'thengo la Chinyunyu suvulaza munthu, ndipo kunena kwao kuli ndi mbali yoona. Koma njinga yomweyo imaimanso pa msika wa Chongwe injini ikulira, pakati pa amai ogulitsa ndiwo ndi ana ao kumbuyo.

Amene watsimikiza kuti afunika kabokosi, pali mafunso amene wogulitsa woona sangakwiye nao. Kodi pa bokosi palembedwa dzina la wopanga, ndi mtundu ndi caka ca njinga imene kanapangidwira? Kodi kamalowa m'mapulagi a mawaya amene alipo kale, kotero kuti kangacotsedwe njinga niibwerera monga inalili, kapena kafuna kudula mawaya? Kodi kamagwira pa sensa iti? Kodi kamalimba ku madzi, popeza mitsinje ya kuno imadzaza mu January ndi February? Nanga lisiti ilipo? Lisiti ndi yofunika, pakuti lamulo la Competition and Consumer Protection Act la 2010 limaletsa wamalonda kunamiza wogula za nchito ya katundu wace, ndipo bungwe la CCPC limalandira madandaulo otere. Koma wogula kwa munthu wa pa foni amene anatumiza katundu pa basi alibe pogwira. Atakaika, mwini njinga ayenera kudzaza thanki, kulemba makilomita a pa mita, ndi kuyerekeza kamwedwe ka petulo ndi ka kale, kuyang'ananso pulagi patapita sabata imodzi. Pulagi yakuda ndi youma ngati mwaye wa m'khichini ikusonyeza kuti petulo wapyola muyeso.

Cimene cikusowa kweni-kweni m'dera lino si mabokosi ai, koma amakanika odziwa jekiseni. Amisiri a pa misika ya Chongwe ndi Chinyunyu ndi akatswiri a kabureta, ena amaidziwa ndi khutu lokha, ndipo ayenera ulemu pa nchito imene agwira zaka zonsezi ndi zitsulo zocepa. Koma njinga ya jekiseni ikafika kwa munthu amene sanaiphunzire, iye amayamba kusintha zipangizo cimodzi-cimodzi mongoyerekeza, mwini njinga akulipira ciliconse, kufikira wina atanena kuti mwina kabokosi ndiko kangathandize. Zida zofunika pa nchitoyi si zambiri: mita yoyezera magetsi, geji yoyezera mphamvu ya pampu, timasamba ta citsulo toyezera mipata ya mavalavu, ndi kamakina kowerenga zimene kompyuta ya njinga yasunga. Eni njinga a pa siteji imodzi kapena kopaletivu ya alimi, atasonkha, angathe kugula zimenezi ndi kuzisungitsa kwa makanika mmodzi wodalirika, zikutumikira njinga zonse za m'deralo, pamene kabokosi kamatumikira imodzi.

Njira ya maphunziro ilinso yotseguka. Mu 2022 thumba la Constituency Development Fund linakwezedwa kucoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dera lililonse la phungu, ndipo gawo lina la ndalamazo linapatulidwira kulipirira acinyamata maphunziro a nchito zamanja m'masukulu ovomerezedwa ndi TEVETA. Mafomu ace amadzera ku makomiti a citukuko a mawadi. Mafumu a midzi ndi makomiti amenewa, posankha ana oti atumizidwe, angacite bwino kuikapo mmodzi kapena awiri amene ali kale pa nchito ya njinga, ndi kufunsa sukulu isanawalandire ngati maphunziro ace akuphatikiza magetsi a injini ndi jekiseni, cifukwa mwana wobwerako akudziwa kabureta yokha adzapeza kuti amalume ace a pamsika anaidziwa kale.